THUPI LIMADYA NGAKHALE MUNTHU ALI CHIGONERE

Pali funso limene anthu ogawa chakudya pa nthawi ya ngozi amayamba aliyankha asanakweze thumba ndi limodzi lomwe pa galimoto. Funsolo ndi lakuti: kodi munthu amene sakulima, sakupalasa bwato, sakutunga madzi, koma wangogona pa mphasa kuyambira m'mawa kufikira m'mawa wa tsiku linalo, thupi lake limatha chakudya chochuluka bwanji? Ambiri mwa ife tingayankhe kuti ndi chochepa kwambiri poti munthuyo palibe chimene akuchita. Yankho limeneli ndi lolakwika, ndipo kulakwika kwake kumagwera anthu amene sakhala ndi mawu pa nthawi yogawa nsima: okalamba, odwala ndi ana aang'ono.

Nkhaniyi tiiona bwino tikayang'ana ku chigwa cha mtsinje wa Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Inu a m'mbali mwa nyanja mukudziwa kuti madzi amene amatuluka m'nyanja yathu ku Mangochi ndi omwewo amene amatsikira ku Liwonde, kudutsa pa mathithi a Kapichira, nakayala m'dambo lalikulu la Elephant Marsh asanakumane ndi mtsinje wa Ruo pa Chiromo. Derali ndi lotsika ndiponso lotentha, kotero kuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Chaka china mvula imakana, chaka china madzi amasefukira. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 pa namondwe wa Ana, ndiponso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, mabanja a ku Makhanga, Bangula ndi midzi ina yambiri anathawira m'masukulu ndi m'matenti. Freddy yekha anasamutsa anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kummwera. Munthu wa pa msasa woterowo alibe munda woti akalime, amangokhala kudikira kuti madzi aphwe. Komabe mabungwe othandiza pa ngozi, monga WFP, amamuwerengera makalori 2,100 pa tsiku. Tsono ngati munthuyo sakugwira ntchito, makalori onsewo akupita kuti?

Tiyambe ndi mawu akuti kalori. Umenewu ndi muyeso wa mphamvu, monga momwe lita alili muyeso wa madzi. Kalori imodzi, m'mene amawerengera anthu a zakudya, ndi kutentha kokwanira kukweza lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Mwamuna wachinyamata wolemera makilogalamu 60 amatha makalori pafupifupi 1,600 pa tsiku atangogona osachita kanthu. Kuti timvetse kukula kwa nambalayi, ganizirani ndowa ya malita 20 yodzaza ndi madzi ozizira a madigiri 20. Kuti madziwo afike powira pamafunika makalori 1,600 omwewo. Choncho munthu wogonayo, amene ife tikuti palibe chimene akuchita, m'kati mwake mukuyaka moto wokwanira kuwiritsa ndowa yathunthu tsiku ndi tsiku. Ndi chifukwa chake tenti imene mwagona anthu khumi imafunda ngakhale mulibe mbaula. Mphamvu imeneyi, yotha pamene thupi lili pa mpumulo weniweni, achipatala amaitcha basal metabolic rate, mwachidule BMR. M'nkhani ino tiziitcha mphamvu ya pa mpumulo.

Amene amadya mphamvuyi ndi ziwalo zimene sitiziona. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku ndipo sudziwa tchuthi. Impso zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, nkubwezera pafupifupi onsewo m'thupi, kungosiya pang'ono potuluka ngati mkodzo. Chiwindi chimasunga shuga, kumutulutsa pamene akufunika, ndiponso kuphwanya zoipa za m'magazi. Ubongo, umene kulemera kwake ndi magawo awiri okha pa magawo 100 a thupi lonse, umatenga magawo pafupifupi 20 pa 100 alionse a mphamvu ya pa mpumulo, kaya mwini wake akuganiza zakuya kaya ali m'tulo. Ziwalo zinayi zimenezi, ubongo, chiwindi, mtima ndi impso, tikaziika pamodzi pa sikelo sizifika ndi magawo 6 omwe pa 100 a kulemera kwa munthu, koma zimatha magawo pafupifupi 60 pa 100 a mphamvu ya pa mpumulo. Kilogalamu imodzi ya mnofu wopumula imatha makalori 13 okha pa tsiku, ya mafuta a m'thupi sifika ndi 5 yomwe, pamene ya chiwindi imatha 200, ya ubongo 240, ndipo ya mtima kapena impso 440.

Kwa munthu wamba wa ntchito zopepuka, magawo 60 mpaka 70 pa 100 alionse a chakudya chimene amadya amathera pa ntchito ya m'kati imeneyi. Khasu, nkhafi ndi mtondo zimangotenga zotsalazo. Ndithudi, ngongole yaikulu ya thupi siidza ndi thukuta ayi.

Munthu woyamba kuyeza moto umenewu anali Antoine Lavoisier wa ku France. M'nyengo yozizira ya pakati pa 1782 ndi 1783, iye pamodzi ndi Pierre-Simon Laplace anaika mbira m'chotengera chozunguliridwa ndi madzi oundana, nayeza kuchuluka kwa madzi amene anasungunuka ndi kutentha kwa thupi la mbirayo. Iwo anapeza kuti kupuma kwa nyama ndi kuyaka kwa makala ndi zinthu za mtundu umodzi: zonse zimadya mpweya wa okosijeni nkutulutsa kutentha, kungoti m'thupi moto wake umayaka pang'onopang'ono popanda lawi. Mpaka lero madokotala amayeza motengera nzeru yomweyo. Munthu amabwera m'mamawa atakhala maola pafupifupi 12 osadya, amagona chagada ali maso m'chipinda chosatentha ndiponso chosazizira, ndipo makina amayeza mpweya umene akukoka ndi umene akutulutsa. Lita imodzi iliyonse ya okosijeni imene thupi lagwiritsa ntchito ikuimira makalori pafupifupi 5.

Makina otere ndi okwera mtengo ndipo palibe angawanyamule kupita nawo pa msasa wa ku Bangula. Pa chifukwa chimenechi akatswiri anayeza anthu ambiri nkupanga masamu othandiza kuyerekeza. James Arthur Harris ndi Francis Benedict a ku America anafalitsa masamu awo mu 1919 atayeza amuna 136 ndi akazi 103. Mu 1985 W. N. Schofield anasonkhanitsa zotsatira za anthu zikwi zingapo a m'maiko osiyanasiyana, ndipo masamu ake ndi amene mabungwe a FAO ndi WHO anawatenga, nawasunganso mu lipoti lawo la 2004. Ubwino wa masamu a Schofield ndi wakuti amangofuna zinthu zitatu: zaka za munthu, kulemera kwake, ndiponso ngati ali wamwamuna kapena wamkazi. Sikelo ilipo pa chipatala chilichonse, ngakhale pa malo ogulitsira thonje.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo manambala tiwadule pang'ono kuti asativute. Mwamuna wa zaka 18 mpaka 30 achulukitse makilogalamu ake ndi 15, kenako aonjezere 692. Mnyamata wa makilogalamu 60 uja apeza 900, ndipo akaonjezera 692 zikhala 1,592. Mwamuna wa zaka 30 mpaka 60 achulukitse ndi 11.5 nkuonjezera 873. Wopyola zaka 60 achulukitse ndi 11.7 nkuonjezera 588. Kwa amayi, wa zaka 18 mpaka 30 achulukitse ndi 14.8 nkuonjezera 487. Wa zaka 30 mpaka 60 achulukitse ndi 8.1 nkuonjezera 846. Ndipo wopyola zaka 60 achulukitse ndi 9.1 nkuonjezera 659. Amene alibe pepala ndi cholembera akhoza kugwiritsa ntchito njira yachidule yakuti mwamuna wamkulu amatha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse pa ola lililonse, ndipo mkazi amachepera pang'ono. Njira yachiduleyi imapereka nambala yotsika kwa anthu ochepa thupi, komanso siigwira ntchito kwa ana.

Dziwani kuti zonsezi ndi kuyerekeza chabe. Masamu ena otchuka, amene Mifflin ndi St Jeor anafalitsa mu 1990, amafunanso kutalika kwa munthu: kuchulukitsa makilogalamu ndi 10, kuonjezera masentimita a msinkhu ochulukitsidwa ndi 6.25, kuchotsa zaka zochulukitsidwa ndi 5, kenako kuonjezera 5 kwa mwamuna kapena kuchotsa 161 kwa mkazi. Bambo wa zaka 35, wolemera makilogalamu 60, wotalika masentimita 165, masamu amenewa amupatsa makalori 1,461, pamene a Schofield amupatsa 1,561. Munthu ndi mmodzi yemweyo koma manambala asiyana ndi 100. Palinso china choyenera kuchidziwa ife a kuno: gawo lalikulu la anthu amene Schofield anawerengera anali a ku Italy, ndipo mu 1991 ofufuza C. J. K. Henry ndi D. G. Rees anaonetsa kuti kwa anthu a m'maiko otentha masamuwo amapyoza ndi magawo pafupifupi 8 pa 100. Choncho wina akakuuzani kuti thupi lanu limatha makalori 1,561 ndendende, mumve kuti akunena za pakati pa 1,400 ndi 1,700. Kusiyana kotere kungavute dokotala wa m'chipinda cha odwala kwambiri, koma pa nkhani yathu ya kugawa chakudya sikusintha kanthu.

Tsopano tibwerere ku chigwa kuja ndi masamu athu m'manja. Pa miyezi ya njala, boma kudzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA lakhala likugawa thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 pa banja pa mwezi. Kilogalamu ya chimanga ili ndi makalori pafupifupi 3,600, kotero thumba lonse lili ndi 180,000. Tikagawa pa masiku 30, tsiku lililonse likhala ndi makalori 6,000. Tiyerekeze banja la anthu asanu. Bambo uja wa zaka 35 atha 1,561. Mayi wa zaka 32 wolemera makilogalamu 55 atha pafupifupi 1,290. Agogo aakazi a zaka 68 olemera makilogalamu 45 atha pafupifupi 1,070. Ana ali ndi masamu awoawo, ndipo malinga ndi masamuwo mnyamata wa zaka 12 wolemera makilogalamu 33 atha pafupifupi 1,240, pamene mtsikana wa zaka 6 wolemera makilogalamu 18 atha pafupifupi 850. Tikaphatikiza zonse tipeza makalori opitirira pang'ono 6,000.

Taonani bwino zimene zatuluka apa. Thumba lathunthu likungokwanira kuti anthu asanuwo agone chigonere mwezi wonse, osadzuka, osayenda, osayankhula. Munthu akangodzuka kukatola nkhuni, wayamba kudya thupi lake. Ndipo tawerengera chimanga chopita ku chigayo chonse monga mgaiwa. Akachikonola ndi kuchiviika kuti apeze ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limatayika ndi gaga ndi madzi, ndipo pamodzi nalo pamapita mtima wa chimanga umene muli mafuta. Ufa woyera ndi wokoma, palibe akukana, koma pa mwezi wa njala kukonola chimanga cha thandizo ndi kutaya chakudya cha sabata yoposa imodzi. Tikawerengera pa muyeso wa makalori 2,100 pa munthu, banjalo lifunika 10,500 pa tsiku, ndipo thumbalo litha pa masiku 17. Amene amanena kuti anthu a ku chigwa ndi osayamika akamadandaula kuti thumba latha mwezi usanathe, ayambe achita masamu amenewa. Thumbalo ndi chithandizo choonjezera pa zimene banja lingapeze, monga mapira, mchewere, mbatata za kudimba, kapena nyika zimene anthu amakazula m'madambo njala ikafika povuta. Pamene madzi akokolola zonsezo, thumba lokha silingasunge banja.

Nambala ya 2,100 nayo tiimvetse. Siikunena kuti munthu aliyense adye mofanana. Ndi nambala ya pakati, yowerengera gulu lonse la anthu, makanda, ana, amayi oyembekezera, abambo ndi nkhalamba, onse akugwira ntchito zopepuka, pa malo osazizira kupyola madigiri 20. Kukazizira kuposa apo, amaonjezera makalori 100 pa madigiri 5 alionse, chifukwa munthu wogona pa simenti ya kalasi ndi zovala zonyowa amayenera kukoleza moto wa m'thupi mwake kuti afunde. Phukusi lokwanira nambalayi silikhala chimanga chokha. Chitsanzo chimene mabungwewa amapereka ndi magalamu 400 a chimanga kapena mpunga, 60 a nyemba, 25 a mafuta ophikira, 50 a ufa wa phala wosakaniza monga Likuni Phala, 15 a shuga ndi 5 a mchere.

Kuti tipeze chakudya cha tsiku lonse, mphamvu ya pa mpumulo timaichulukitsa malinga ndi ntchito ya munthu. Lipoti la 2004 lija limati wa ntchito zongokhala achulukitse ndi nambala ya pakati pa 1.4 ndi 1.7, wa ntchito zolemererapo pakati pa 1.7 ndi 2, ndipo wa ntchito zakalavulagaga pakati pa 2 ndi 2.4. Mnyamata wathu wa makilogalamu 60, ngati akudula nzimbe ku minda ya Illovo ku Nchalo kapena kukoka khoka ku Makanjira, tikamuchulukitsira ndi 2.2 afunika makalori 3,500, kutanthauza pafupifupi kilogalamu yathunthu ya ufa akanati azidya nsima yokha. Palibe akutsutsa kuti woterowo ayenera kupatsidwa mtanda waukulu. Koma onani kuti ngakhale kwa iye, pafupifupi theka la chakudyacho likupita ku mphamvu ya pa mpumulo. Ndipo agogo aja, amene sachoka pa khonde, akufunikabe makalori osachepera 1,400 kapena 1,500 pa tsiku. Kusiyana kwa mbale ziwirizi sikuyenera kukhala kwa mtanda ndi chipande cha phala lamadzi.

Pa wodwala ndi pamene chizolowezi chathu chimalakwa koposa. M'makomo mwathu mumamveka mawu akuti: "Agogo angogona tsiku lonse, kaphala pang'ono kawakwanira." Koma kutentha kwa thupi kukakwera ndi digiri imodzi, mphamvu ya pa mpumulo imakwera ndi magawo 10 mpaka 13 pa 100. Agogo aja malungo akawagwira thupi nkufika madigiri 39, makalori awo a pa mpumulo achoka pa 1,070 kufika pakati pa 1,280 ndi 1,340, kufanana ndi a mayi wa zaka 32 uja ali bwinobwino. Pa nthawi yomweyo chilakolako cha chakudya chimathawa, ndipo ife timaona ngati thupi lanena lokha kuti silikufuna. Madzi akasefukira ku chigwa udzudzu umachuluka, matenda otsegula m'mimba nawo amabuka m'misasa, ndiye kuti anthu amene akufunika chakudya chambiri ndi omwewo amene akulephera kudzuka kukaima pa mzere. Bungwe la WHO linanenanso mu 2003 kuti munthu wamkulu amene ali ndi kachilombo ka HIV koma sanayambe kudwala amafunika chakudya choonjezera magawo 10 pa 100, ndipo akayamba kudwala magawo 20 mpaka 30. Chifuwa chachikulu ndi zilonda za moto nazo zimakoleza moto wa m'thupi.

Mayi woyamwitsa amafunika makalori oonjezera pafupifupi 500 pa tsiku m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndipo woyembekezera amafunika oonjezera pafupifupi 285 m'miyezi ya pakati ndi 475 m'miyezi itatu yomaliza. Komabe m'mabanja ambiri mayi ndiye amadya pomaliza.

Za ana nazo zimadabwitsa. Mtsikana wa zaka 6 uja kulemera kwake sikufika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa bambo ake, koma mphamvu yake ya pa mpumulo ipyola theka la yawo. Pa kilogalamu iliyonse iye akutha makalori 47 pamene bambowo akutha 26. Chifukwa chake ndi chakuti mwa mwana ziwalo zodya kwambiri zija ndi zazikulu poyerekeza ndi thupi lake, makamaka ubongo, umene pa zaka zisanu umatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya pa mpumulo. Mu 2021 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Herman Pontzer linafalitsa zotsatira za anthu oposa 6,400 a m'maiko 29, kuyambira khanda la masiku 8 kufikira nkhalamba ya zaka 95. Iwo anapeza kuti, tikaganizira kukula kwa thupi, mwana wa chaka chimodzi amatentha chakudya mofulumira kuposa wamkulu ndi magawo pafupifupi 50 pa 100. Kuti kuyambira zaka 20 kufikira 60 liwiro la motowu silisintha kwenikweni. Ndiponso kuti zaka 60 zikapyola limatsika pang'onopang'ono, osafika ndi gawo limodzi lomwe pa 100 pa chaka. Tsono vuto la mwana ndi lakuti moto wake ndi waukulu koma mimba yake ndi yaing'ono. Sangathe kudya kawiri pa tsiku monga wamkulu nakwanitsa. Akamadyera mbale imodzi ndi akuluakulu, amene manja awo ndi achangu, ndiye kuti watsala kale.

Wina angafunse kuti: nanga kutentha kwa ku Nsanje ndi Ngabu sikuchepetsa zimenezi, poti thupi silivutika kudzifunditsa? Kumachepetsa pang'ono chabe, monga taonera pa zimene Henry ndi Rees anapeza. Dzuwa silingagwire ntchito ya chiwindi kapena ya impso, ndipo kukatentha kwambiri mtima umaonjezera liwiro kuti utumize magazi ku khungu. Chimene kutentha kumachotsa ndi njala ya pakamwa, osati kusowa kwa thupi. Thukuta nalo si mafuta osungunuka ayi, ndi madzi ndi mchere, ndipo munthu amene wapepuka pa sikelo atagwira ntchito pa dzuwa abwerera pomwe anali akangomwa.

Nanga chakudya chikapanda kukwanira, thupi limatani? Poyamba limatenga shuga wosungidwa m'chiwindi, amene amatha pafupifupi tsiku limodzi. Kenako limatembenukira ku mafuta, ndipo pamodzi ndi mafutawo limayamba kuphwanya minofu. Njala ikapitirira, thupi limachepetsa moto wake kuti nkhokwe ichedwe kutha. Zimenezi zinaoneka bwino pa kafukufuku amene Ancel Keys anachita ku yunivesite ya Minnesota mu 1944 ndi 1945. Amuna 36 odzipereka anapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa masabata 24. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, ndipo mphamvu yawo ya pa mpumulo inatsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Mtima unkagunda mochedwa, ankamva kuzizira nthawi zonse, anakhala okwiya msanga ndiponso opanda chidwi ndi chilichonse kupatula chakudya. Choncho tikamva wina akuti anthu a ku chigwa anazolowera njala, tidziwe kuti kuzolowerako ndi kumeneku. Mwana amene wasiya kusewera nangokhala phee pambali pa mayi ake sanazolowere kanthu. Thupi lake latseka zina mwa ntchito zake.

Kusala kwa mwezi wa Ramadhan ndi kosiyana ndi njala yotereyi, chifukwa munthu amadya dzuwa likalowa ndiponso pa dakwi, ndiye nkhokwe ya m'chiwindi imadzazidwanso usiku uliwonse. Kafukufuku amene Nader Lessan ndi anzake anachita ku Abu Dhabi, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti mphamvu ya pa mpumulo ya anthu osala siinasinthe kwenikweni m'mweziwo. Chimene chinasintha ndi nthawi yogona ndi kayendedwe kawo. Tanthauzo lake ndi lakuti wosala amafunikabe chakudya cha tsiku lathunthu, kungoti amachilandira m'maola ochepa. Mu 2023 mwezi wa Ramadhan unayamba pasanathe masabata awiri chichitikireni namondwe wa Freddy, anthu ambiri adakali m'misasa. Amene amasonkhanitsa chakudya chomasulira kuti atumize ku malo otere akumbukire kuti ufa wokha sukwanira.

Chimene chimathandiza koposa kwa munthu wa mimba yaing'ono kapena wosafuna kudya ndi kulemeretsa chakudya mmalo mochichulukitsa. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya ufa ili ndi osafika 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira imaonjezera makalori pafupifupi 120 m'phala popanda kuonjezera kukula kwake. Mtedza ndi chitowe, chimene alimi a ku chigwa amalima kwambiri, zili ndi makalori oposa 550 pa magalamu 100 alionse, kotero nsinjiro zodzaza dzanja zimasandutsa phala lamadzi kukhala chakudya chenicheni. Inu a ku nyanja muli ndi usipa wouma woti nkusinja. Phala likhale lolimba, losayenderera pa supuni, chifukwa madzi amadzaza mimba koma alibe kalori ndi imodzi yomwe. Wodwala ndi mwana apatsidwe pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu pa tsiku, aliyense m'mbale yakeyake kuti wosamalira aone chimene chalowa. Munthu akachira, apitirize kulandira choonjezera kwa masabata angapo, popeza thupi limakhala likubweza minofu imene linadya.

Pali malire amene chisamaliro cha pakhomo sichingapyole. Alangizi a zaumoyo amayeza mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 ndi kalamba ka mitundu itatu. Mkono ukachepera masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa, mwanayo ali pa ngozi ndipo apite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Amene akutha kudya amapatsidwa chiponde, chimene paketi yake imodzi ya magalamu 92 ili ndi makalori 500, ndipo chimenechi ndi mankhwala a mwanayo, si chogawana ndi abale ake. Koma amene wafooka kwambiri, achipatala samuyamba ndi chakudya chambiri. Thupi limene lachepetsa moto wake kwa masabata ambiri likalandira chakudya chochuluka mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi umasokonekera ndipo mtima ukhoza kulephera. Ndi chifukwa chake m'zipinda za ana onyentchera, monga pa chipatala cha boma cha Nsanje kapena cha Chikwawa, amayamba ndi mkaka wopepuka wotchedwa F-75, umene uli ndi makalori 75 okha pa mamililita 100, nkumamupatsa mwanayo pang'ono maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, kufikira atayamba kufuna chakudya yekha.